Safunsa Anagulitsa Mfuti

Mu 2014, bambo wina wa ku Texas, m'dziko la America, analowa m'sitolo kukagula mfuti. Anam'patsa fomu yotchedwa 4473, imene aliyense wogula mfuti kwa wamalonda wa laisensi amadzaza. Pafomupo pamalembedwa dzina, adiresi ndi tsiku lobadwa, ndipo wogula amayankha ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu. Mwini sitolo anatumiza dzinalo ku NICS, ndondomeko yofufuza mbiri ya ogula mfuti imene bungwe la FBI lakhala likuyendetsa kuyambira 1998. Yankho linabwera lokana: khoti linagamula kale kuti, chifukwa cha matenda a maganizo, munthuyu sayenera kukhala ndi mfuti. Anatuluka chimanjamanja.

Koma panali khomo lina losatseka. Lamulo la boma la America limakakamiza amalonda a laisensi okha kufufuza mbiri ya wogula. Munthu wamba wogulitsa mfuti yake kwa mnzake wa m'chigawo chomwecho sakakamizidwa kutero, pokhapokha chigawocho chitaika lamulo lakelake, monga zilili ku California ndi ku New York. Ku Texas lamulo lotero kulibe.

Mumzinda wa Lubbock munali bambo wina amene ankagula zigawo za mfuti n'kumazilumikiza yekha. Akamaliza ankalengeza malonda ake pa intaneti, ndipo ogula ankakumana nawo m'galaja yake kapena pamalo oimika galimoto kunja kwa sitolo. Ndalama m'manja, mfuti m'galimoto, aliyense ulendo wake. Pa mfuti iliyonse ankapeza phindu la madola 100 kapena 200. Laisensi analibe, choncho panalibe fomu, panalibenso kufunsa ku NICS. Mu Okutobala 2016, bambo anakanidwa m'sitolo uja anagula kwa iye mfuti ya mtundu wa AR-15.

Zaka pafupifupi zitatu zinadutsa popanda chomveka. Pa 31 Ogasiti 2019, wogula uja anachotsedwa ntchito m'mawa. Masana ake apolisi anamuimitsa pamsewu chifukwa chokhota osayatsa indiketa, iye n'kuwaombera. Kenako anayamba kuyendayenda pakati pa mizinda ya Midland ndi Odessa, kuombera aliyense wopezeka pafupi. Anapha mayi wonyamula makalata n'kulanda galimoto ya positi. Anaphanso mtsikana wa zaka 15, ndipo mwana wa miyezi 17 anavulala kumaso. Pamene apolisi ankamupha kunja kwa nyumba yoonetsera mafilimu ku Odessa, anthu 7 anali atafa, enanso oposa 20 atavulala.

Mfuti ikapezeka pamalo a mlandu, bungwe la boma loona za mfuti, la ATF, limalondola nambala yake: kuchokera ku fakitale, kupita kwa wamalonda, mpaka kwa munthu woyamba kuigula. Lamulo la 1986 limaletsa boma la America kusunga kaundula wa eni mfuti onse, ndiye ofufuza amadalira mapepala a m'masitolo. Mapepalawo amathera pa wogula woyamba. Apa n'chifukwa chake apolisi anakagogoda kwa wolumikiza mfuti uja ku Lubbock. Atafufuza bwino, zinadziwika kuti bamboyo anagulitsa mfuti kwa anthu anayi oletsedwa, kuphatikizapo wina amene anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu. Sankadziwa, chifukwa sankafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogulitsayo anavomera mlandu wochita malonda a mfuti popanda laisensi komanso wobisa phindu lake kwa okhometsa msonkho, ndipo mu Januwale 2021 anagamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri.

Zaka ziwirizo zinatha, koma mabanja 7 aja akulirabe mpaka lero. Wogulitsayo sanaombere munthu, ndipo palibe umboni woti ankafunira wina zoipa. Cholakwa chake chinali kuganiza kuti udindo wake umathera pamene ndalama zalowa m'thumba. Mfuti siwola, siiwala ntchito yake ngakhale itakhala zaka m'kabati, ndipo mtima wa woisunga ukhoza kusintha tsiku limodzi.

Kwathu kuno, wogulitsa ng'ombe amafunsidwa kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndi yakedi, ndipo palibe amene amati wanyozedwa. Ngati chiweto timachisamala motero, nanji chida chimene ntchito yake ndi kupha?

Mu 2022 nyumba ya malamulo ya ku America inakhwimitsa lamulo kuti ambiri ogulitsa mfuti pofuna phindu azikhala ndi laisensi. Komabe malonda a pakati pa anthu wamba akuchitikabe popanda kufufuza m'zigawo zambiri. Choncho mlonda womaliza ndi wogulitsa mwiniwake.

Inu amene muli ndi mfuti ndipo mukufuna kuigulitsa kapena kuipereka, ngakhale kwa mlamu wanu, yambani mwadziwa zimene lamulo la komwe mukukhala likunena, ndipo musaime pomwepo. Ngati muli ku America, pitani ndi wogulayo kwa wamalonda wa laisensi, mulipire kandalama kochepa kuti afufuze mbiri yake. Kwina konse, dzerani kupolisi. Onani chiphaso cha wogula ndi maso anu. Lembani mtundu wa mfuti, nambala yake, tsiku ndi mayina anu nonse, musainirane, ndipo pepalalo mulisunge moyo wanu wonse. Wogula akayamba kukufulumizitsani, kapena kuwonjezera ndalama kuti musalembe kanthu, wakuuzani kale zonse zofunika kudziwa. Bwezani mfutiyo m'bokosi, mutseke, mubwerere kunyumba.