KUMENE BANJA LINGAPEZE THANDIZO PA CIBABA CA VOLO

Makolo ambiri m'makomboni akaona kuti mwana wao walowerera ndi volo, amutsekera m'nyumba kapena kumutumiza kumudzi kwa ambuye ake kuti akaleke. Acita izi cifukwa ca cikondi, koma njira imeneyi siciritsa, ndipo nthawi zina ithera pa maliro. Cibaba ca mankhwala awa ndi matenda, ndipo poyambira kufuna thandizo ndi pa kiliniki ya pafupi.

MANKHWALA AKE NDI ATI?

Volo ndi dzina la m'miseu la heroin. Ena asuta posakaniza ndi camba, ena adzilasa ndi nyeleti. Mu mtundu umodzimodzi muli codeine, wopezeka m'mankhwala ena akumwa a cifuwa, ndi mapilitsi a tramadol. Adotolo awacha ma opioid. Onse aziziritsa ululu, abweretsa tulo ndiponso acedwetsa kupuma.

Thupi likawazolowera silikhalanso bwino popanda iwo. Wosuta heroin akaleka, tsiku lisanathe ayamba kuyasamula, kutuluka thukuta ndi mamina, kutsegula m'mimba, kuphwanya mafupa ndi kusowa tulo. Zowawa zikula kwambiri pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, ndipo zicepa pakatha sabata imodzi.

Ngozi yaikulu ibwera pambuyo pake. Munthu akakhala masabata osasuta, thupi silithanso kupirira muyezo wakale, koma cibaba cikhala cikalipo. Akabwerera ndi kutenga muyezo uja, kupuma kungaime. Ndiye cifukwa cake imfa zotere zicuruka pakati pa anthu amene angocoka kumene kundende kapena kumalo olekerako mankhwala.

CITHANDIZO CA MANKHWALA A KU CIPATALA

Pali mankhwala awiri odziwika bwino. Methadone kawirikawiri ndi wamadzi, ndipo wodwala amwa kamodzi pa tsiku pamaso pa nesi. Buprenorphine ndi pilitsi loika kunsi kwa lilime. Mankhwala awa agwira nchito pang'onopang'ono tsiku lonse. Pa muyezo woyenera aletsa zowawa ndi kucepetsa cibaba popanda kuledzeretsa, motero munthu atha kupita ku nchito, ku msika kapena ku sukulu.

Ena ati uku ndi kusinthanitsa cabe volo ndi volo mnzake. Si tero ai. Muyezo upimidwa ndi adotolo, palibe kubwerekana nyeleti kumene kufalitsa HIV ndi matenda a ciwindi, ndipo ngozi ya imfa icepa kwambiri. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2005. Kwa anansi athu ku Tanzania anayamba kupereka methadone mu 2011 pa cipatala ca Muhimbili mu Dar es Salaam. Cithandizo ici citenga miyezi yambiri, ena zaka, ndipo ciyendera pamodzi ndi uphungu.

KOYAMBIRA

1. Kiliniki ya m'komboni, monga ya Kapata mu Chipata. Wodwala apite ndi wacibale mmodzi amene amukhulupirira. Anene zoona: cimene asuta kapena kumwa, kangati pa tsiku, ndi tsiku limene anatenga komaliza.

2. Cipatala cacikulu. Mankhwala awa sapezeka pa kiliniki iliyonse, motero banja lipemphe kalata yopita nayo ku gawo la matenda a maganizo, monga pa Chipata Central Hospital. Ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama Hills pa mseu wa Great East. Kutumizidwa kumeneko sikutanthauza kuti munthu ndi wamisala.

3. A Drug Enforcement Commission. Bungwe ili, limene linakhazikitsidwa mu 1989, lidziwika ndi kugwira ogulitsa, koma lilinso ndi gawo la maphunziro ndi uphungu limene lilandira makolo ndi ana ao.

MAFUNSO OFUNSA ANESI

Kodi methadone kapena buprenorphine aperekedwa pano? Ngati ai, malo apafupi ndi ati? Wodwala azibwera masiku angati pa sabata? Pali colipira? Alangizi apezeka liti? Ngati malowo ali kutali, banja liganizire msanga za ndalama za basi ndi m'bale amene angamusunge, pakuti kudumpha masiku kubweza cithandizo m'mbuyo.

ZOFUNA KUSAMALA

Wodwala auze anesi ngati akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, cifukwa ena mwa iwo acepetsa mphamvu ya methadone m'thupi. Asasakanize ndi mowa kapena mapilitsi ogonetsa monga valium. Mzimai wa pakati asaleke yekha mwadzidzidzi, koma afulumire ku kiliniki. Methadone wogula m'manja mwa anthu ndi woopsa, ndipo pang'ono pokha angaphe mwana. Malo alionse amene afuna ndalama zambiri koma alibe dotolo kapena nesi, kapena amene amanga odwala ndi kuwamenya, si cipatala.

ZIZINDIKIRO ZA NGOZI

Munthu akagona osadzuka ngakhale amugwedeze, akupuma patalipatali kapena kuliza mkonono wacilendo, kadontho kakuda ka pakati pa diso katacepa ngati nsonga ya nyeleti, asasiyidwe kuti "agone ziphwe". Agonekedwe cam'mbali ndi kuthamangira naye ku cipatala, kumene jekeseni ya naloxone itha kubweza kupuma m'mphindi zocepa. Womuperekeza anene msanga cimene wodwala watenga.

Wodwala akabwereranso ku volo, sikuti cithandizo calephera. Abwerere ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo banja limuperekeze monga mmene liperekezera wodwala shuga kapena BP.