Mafunso ndi Mayankho: Kudzitsekera Khomo la Juga

MUULUTSI: Makalata a sabata ino akulira chinthu chimodzi: kubetcha. Tili ndi mlangizi amene amathandiza anthu okodwa mu juga. Mayi, tiyambe ndi mnyamata wa kabaza ku Ndirande. Walemba kuti: "M'mawa uliwonse ndimalumbira kuti ndasiya, koma usiku ndimapezeka ndili pa kandege. Ndalama ya eni njinga ndaidyetsa komweko. Kodi ndine munthu wopanda mtima?"

MLANGIZI: Achimwene, mtima muli nawo, n'chifukwa chake mwalemba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera vutoli m'gulu la matenda, pamodzi ndi uchidakwa. Kandege kamauluka n'kugwa m'masekondi ochepa, ndipo mukangodyedwa mtima umati, "ndingobweza zanga zokha." Mawu amenewa ndiwo amamaliza anthu, pakuti masewerawa anakonzedwa kuti pamapeto pake kampani ndiyo ipindule.

Kulumbira kokha sikukwanira. Khola timatseka dzuwa lisanalowe, osadikira fisi afike. Mawa m'mawa, mutu uli bwino, lembani papepala makampani onse amene muli nawo akaunti. Lowani mu akaunti iliyonse, tapani ndalama yotsala, kenaka funani pamene palembedwa Responsible Gaming. Makampani ambiri amaika pamenepo batani la self-exclusion, lopempha kuti akutsekereni akaunti ndipo asakutsegulireni ngakhale mutachonderera. Sankhani nthawi yaitali kwambiri imene ilipo. Batanilo likasowa, alembereni uthenga, muwauzenso asiye kukutumizirani mauthenga a mabonasi, ndipo sungani chithunzi cha zimene mwalembazo. Akakanyalanyazani, kadandauleni ku MAGLA, bungwe loyang'anira juga ndi lotale m'Malawi muno potsatira lamulo la 2022. Pochita zonsezi pakhale munthu pambali panu, kuti dzanja lisabwerere m'mbuyo.

MUULUTSI: Mphunzitsi wina ku Kasungu akuti: "Ndinatseketsa akaunti, koma malipiro atangolowa ndinakatsegula ina ku kampani ina. Ndiye phindu lake n'chiyani?"

MLANGIZI: Aphunzitsi, munayamba bwino, koma munatseka khomo limodzi pomwe makomo ndi atatu: akaunti, foni ndi ndalama. Pa foni pali mapulogalamu otchinga. BetBlocker ndi yaulere, imagwira pa Android, pa iPhone ndi pa kompyuta, ndipo imatchinga masamba zikwizikwi a juga. Mumasankha nokha nthawi, kuyambira maola 24 mpaka zaka zisanu, ndipo mukangoyatsa simungazimitse nthawiyo isanakwane. Ina ndi Gamban, koma iyo njolipira m'mayiko ambiri. Ikani pa chipangizo chilichonse cha m'nyumba, ngakhale foni yakale ija ili m'kabati.

Koma pulogalamu siingakuletseni kubwereka foni ya mnzanu, kapena kulowa m'shopu yobetchera pa tauni. Apa m'pamene pamafunika khomo lachitatu. Tsiku la malipiro ndilo loopsa kwa inu. Tsiku lomwelo lipirani lendi, fizi, magetsi ndi chakudya cha mwezi. Yotsala isagone mu Airtel Money kapena mu Mpamba, chifukwa kuchoka m'menemo kupita ku juga ndi mabatani angapo basi. Isungitseni kwa akazi anu kapena m'bale wodalirika, muzitenga yokwanira tsiku limenelo. Ena amafika posiya foni ya intaneti kwa miyezi ingapo n'kugwira ya mabatani. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

MUULUTSI: Kalata iyi yachokera ku Leicester, ku Britain. Mayi wosamalira okalamba akuti: "Ndikaweruka usiku ndimasewera kasino ya pa foni. Ndalama yotumiza kumudzi ikuthera komweko. Makampani ndi ambiri, ndiyambira pati?"

MLANGIZI: Achemwali, kumeneko njira njachidule. Pali GAMSTOP, yaulere, imene inayamba mu 2018. Mumalembetsa kamodzi, ndipo makampani onse a juga ya pa intaneti okhala ndi chilolezo cha ku Britain ayenera kukukanani. Kuyambira mu March 2020 palibe kampani yotere imene ingazembe. Mutha kusankha miyezi isanu ndi umodzi, chaka chimodzi kapena zaka zisanu. Lembanimo ma adiresi onse amene munakhalapo, manambala ndi ma imelo akale omwe, kuti akaunti ina isatsale poyera. Nthawi ikatha chitseko sichitseguka chokha pompopompo; mukafuna kuti chitseguke, muyenera kuwaimbira.

Kenaka lowani mu app ya banki yanu. Monzo, Starling ndi mabanki ena ambiri ali ndi batani loletsa khadi kulipira juga. Ku Monzo, mukafuna kulizimitsa mumadikira maola osachepera 48, ndipo pofika pamenepo chilakolako chimakhala chitazirala. Imbaninso 0808 8020 133, nambala yaulere ya GamCare. Chenjerani ndi masamba odzitama kuti sali pa GAMSTOP. Amenewo alibe chilolezo cha ku Britain, ndipo akakana kukulipirani mulibe kokadandaula.

MUULUTSI: Yomaliza ndi ya mayi wa ku Johannesburg: "Bambo a kunyumba amabetcha chilichonse, angongole sakutha pakhomo. Kodi ndingawatsekere ine mwakabisira?"

MLANGIZI: Mayi, pepani ndi mtolo umenewu. Mwakabisira ayi. Njira zimenezi zimalimba mwini wake akavomera, ndipo mukaika pulogalamu m'foni mwawo mozemba, akazindikira padzabuka mkangano, iwo n'kungogula foni ina. Akhazikeni pansi tsiku la mtendere, osati tsiku lomwe adyedwa. Muwaonetse ngongole zonse zitalembedwa, muwapemphe mukalembetse limodzi ku bungwe la juga la chigawo chanu, Gauteng Gambling Board. Akakanitsitsa, lamulo la juga la South Africa la 2004 limalola wachibale kupempha khoti kuti munthu aikidwe m'kaundula wa oletsedwa. Uphungu waulere ulipo pa 0800 006 008, ndipo amathandiza ndi a pabanja omwe.

Pakadali pano tetezani ana. Ndalama yanu ikhale mu akaunti yanu, nambala yachinsinsi muidziwe nokha. Musawatengere katapila kapena ngongole ya banki mkhonde kuti mutseke maenje awo, chifukwa ngongole ikamalipidwa ndi wina, juga imapitirira.

MUULUTSI: Mawu otsiriza, mayi?

MLANGIZI: Zotchinga zimakugulirani nthawi, koma chimene chikukukankhirani ku juga, kaya ndi ngongole, kusungulumwa kapena nkhawa, chimafuna munthu wolankhula naye. Kuno kwathu a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu okodwa m'zizolowezi, ndipo pa chipatala cha boma funsani wa matenda a maganizo. Ngati ngongole yakufikitsani poganiza zodzipha, musagone nazo: uzani munthu lero lino, mupite naye kuchipatala. Ndalama zinapita zija zisiyeni, sizibwerera ndi kubetcha kwina. Tsekani akaunti, tchingani foni, sungitsani ndalama, ndipo uzani munthu mmodzi amene amakukondani.

MUULUTSI: Omvera, pitirizani kutilembera; dzina lanu sitilitchula pa wailesi. Tsalani bwino.