MAPESI PANSI, MSANGU M'MUNDA: PHUNZIRO KWA ALIMI A KU NANGONGWE

Alimi a ku Nangongwe ndi a m'midzi yozungulira Kafue sanaiwale cilala ca caka ca 2024. Cimanga cinauma cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Madzi anacepa pa Kariba ndi pa Itezhi-Tezhi, magetsi nazima maola ambiri ngakhale kuno kumene makina a Kafue Gorge ali pafupi. Amai amene anazolowera kuphikira magetsi anabwerera ku mbaula, ndipo mitengo yambiri inagwa.

Kodi cilala ndi mitengo zigwirizana bwanji? Mtengo pokula uyamwa mpweya wochedwa kaboni ndi kuusunga m'thunthu ndi m'mizu mwace. Ukatenthedwa, mpweya uja ubwerera kumwamba, ndipo ukaculuka kumeneko utsekereza kutentha kwa dzuwa monga gombeza licita ndi thupi la munthu. Ndico cifukwa cace nyengo isokonezeka. Kunena zoona, utsi wambiri ucokera ku mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera. Wathu kuno ucokera makamaka ku nkhwangwa, ku uvuni wa makala ndi ku moto wa m'chire. Thumba limodzi la makala lidya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposapo.

Tsono palibe mlimi amene angasinthe malimidwe ace cifukwa ca mpweya wosaoneka ndi maso. Mwai wace ngwakuti nchito zocepetsa utsiwo ndizo zomwe zidzaza nkhokwe, ndipo aphunzitsi ace alipo.

Coyamba ndi mapesi. Mwezi wa Ogasiti ukafika minda yambiri ipsa, ina cifukwa mwini afuna kuyeretsa, ina cifukwa anyamata asaka mbewa. Bungwe la Conservation Farming Unit linayamba m'caka ca 1996 kuphunzitsa alimi a m'Zambia kuti mapesi agone pansi, ndi kuti akumbe maenje obzalamo mvula isanagwe. Mapesi aphimba nthaka ku dzuwa, asunga cinyezi pamene mvula yadukiza, ndipo ciswe cikawadya asanduka manyowa. Mbewa zocepa za ndiwo ya tsiku limodzi sizingalipire zonsezi.

Caciwiri ndi msangu, umene anzathu a Citonga acha musangu. Mtengo umenewu ngwodabwitsa: uyoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina iphuka, nukhala wobiriwira m'cilimwe. Motero sulanda cimanga dzuwa, masamba ace aolera pomwepo nadyetsa mbeu, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zidya zipatso zace msipu ukatha. Makolo anadziwa kale kuti mapira a pansi pa msangu sanama.

Kabzalidwe kace nkotere. Njere ya msangu iri ndi khungu lolimba, ndipo iyenera kupalidwa pang'ono pa mwala kapena ndi mpeni kuti madzi alowe. Fesani m'timatumba, ndipo ikani timatumbato pa thandala, osati pa dothi, pakuti muzu wace uthamanga kulowa pansi ndipo ukaduka mbande ivutika. Pakapita masabata 5 kapena 6 okani m'munda mvula itakhazikika, kusiya mamita 10 pakati pa mtengo ndi unzace mbali zonse. Hekitala imodzi ilowa mitengo 100. Zikani kamtengo pambali pa mbande iri yonse kuti wopalira asaidule, ndipo muichinjirize ku mbuzi ndi ku moto. Pano pafunika kupirira, pakuti phindu leni-leni lioneka patapita zaka zambiri, ndipo ambiri agwa mphwai caka caciwiri.

Wosafuna kudikira abzalenso gliricidia, umene ukula msanga. Masamba ace akwiriridwa m'mizere ngati manyowa, ndipo nthambi zace zikwanira kuphikira pa citofu ca dothi cosadya nkhuni zambiri. Ku Cigawo ca Kum'mawa bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, lathandiza alimi zikwi zambiri kubzala mtengo umenewu. M'caka ca 2017 Banki ya Dziko Lonse inalipira madola oposa 800,000 cifukwa ca kaboni amene alimiwo anasunga m'nkhalango ndi m'nthaka, ndipo gawo la ndalamazo linapita ku maufumu 9. Dziwani kuti ndalama zotere sizipatsidwa kwa munthu mmodzi wobzala mitengo khumi. Zibwera kumene anthu agwirizana ndi mfumu yao, ndipo mitengo yawerengedwa ndi kuyesedwa. Lamulo la Nkhalango la 2015 lilola anthu a m'mudzi kupanga gulu ndi kulembetsa ku Boma kuti asamale nkhalango yao ndi kudyapo phindu lace.

Ofuna malangizo aonane ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera lao, kapena apite ku ofesi ya Zankhalango ya boma la Kafue kukafunsa za njere ndi mbande. Ndi bwino kupita monga gulu kapena kopaletivu, ndiponso kupita msanga, mwezi wa Okutobala usanathe. Nyengo yobzala mitengo m'dziko lonse iyamba pa 15 Disembala.