Kukonza Zovuta Zazing'ono za Wailesi ya Masipika Awiri

M'nyumba zina za m'midzi ndi za aphunzitsi muli wailesi zazikulu za masipika awiri, zoimbanso kaseti kapena CD. Wailesi yotere igulidwa ndi ndalama za thukuta. Koma ikangoleka kulankhula, eni ake ena aimanga panjinga kupita nayo kwa mmisiri kutali, ndipo ena angoikankhira kunsi kwa bedi poyesa kuti yafa. Kawirikawiri vuto likhala pa zinthu zitatu zokha: mphamvu ya magetsi, mawaya, ndi fumbi. Munthu woyamba wafufuza zimenezi apulumutsa ndalama ndi ulendo womwe.

1. Wailesi yosayaka konse

Choyamba kuona ndi kumene mphamvu ichokera. Batire limodzi la mutochi lili ndi ma volts 1.5, chotero wailesi yolowa mabatire 8 ifuna ma volts 12. Limodzi likalowa chozondoka, wailesi singagwire bwino ntchito. Mabatire akale asasakanizidwe ndi atsopano, ndipo otha achotsedwe msanga pakuti atuluka madzi odya zitsulo. Pamene pachita dzimbiri papalidwe mpaka pawale.

Pa batire la galimoto kapena la sola, waya wofiira apita pa chizindikiro cha + ndipo wakuda pa −. Kusinthanitsa mawayawa kungathe kupsereza wailesi nthawi yomweyo. Wailesi imene isasa kapena kuzima mawu akakwezedwa, kawirikawiri isonyeza kuti batire lafooka.

Kumene kuli magetsi, mwini atsegule pulagi ndi kuona fyuzi. Fyuzi ndiye mlonda wa wailesi: apsa iye kuti zam'kati zipulumuke. Wakupsa asinthidwe ndi wina wa nambala yomweyo. Kuikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndiko kuchotsa mlonda, ndipo nyumba ingathe kupsa.

2. Sipika imodzi ili chete

Mwini ayambe waona kabatani kogawa mawu kumanja ndi kumanzere. Kayenera kukhala pakati. Kenaka azimitse wailesi ndi kusinthanitsa masipika, ya kumanja ailumikize kumanzere, ya kumanzere kumanja. Sipika ya chete ija ikayamba kulankhula, ndiye kuti ili bwino ndipo vuto lili m'wailesi. Ikakhalabe chete, vuto lili pa waya wake kapena m'sipika momwemo. Waya ayang'anidwe kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, pakuti makoswe akonda kumudula kuseri kwa kabati.

Pali njira yapafupi yoyesera sipika. Mawaya ake awiri achotsedwe ku wailesi ndi kukhudzitsidwa kwa kamphindi kunsonga ziwiri za batire limodzi la mutochi. Sipika yamoyo imveka kuti "thi". Yopanda phokoso konse, pamene waya ali wabwino, yapsa.

3. Mawu opepuka ndi wailesi yotentha

Sipika iliyonse ili ndi + ndi − yake. Imodzi ikalumikizidwa chosemphana ndi inzake, ziwirizo zilimbana, ndipo kugunda kwa ng'oma kumveka kofooka. Kukonza kwake ndiko kutembenuza mawaya a sipika imodzi yokha. Timawaya tating'ono ta kunsonga tipotedwe bwino, chifukwa ta + tikakhudza ta − wailesi ingathe kupsa.

Anthu ena paukwati kapena pachinkhoswe awonjezera masipika obwereka. Kumbuyo kwa sipika kulembedwa nambala ya ma ohms, kawirikawiri 4, 6 kapena 8. Masipika awiri a ma ohms 8 akalumikizidwa pamalo amodzi, + pa + ndi − pa −, akhala ngati imodzi ya ma ohms 4. Wailesi yosapangidwira katundu wotere itentha mpaka kufa. Nambala imene ilola ilembedwa pafupi ndi polowera mawaya.

4. Kuthetheka ndi kulira kwa "huu"

Kuthetheka komveka pokweza mawu kuchokera ku fumbi la m'kabatani. Wailesi itazimitsidwa, kabataniko kapotozedwe uku ndi uku kambirimbiri. Mafuta ophikira kapena palafini asathiridwemo. Kulira kwa "huu" kuchokera ku pulagi yogwedera, kapena ku waya wa nyimbo wogona pamodzi ndi waya wa magetsi, awiriwa atalikirane. Siteshoni ya FM ikamveka mwa phokoso, eriyo asololedwe yense ndipo wailesi isendezedwe kuwindo, pakuti malata ndi makoma afooketsa mafunde.

5. Kaseti ndi CD

Kaseti yomveka ngati munthu wolankhulira m'chikho isonyeza litsiro pa kamutu kachitsulo kamene tepi idutsapo. Kapukutidwe ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti. CD yodumphadumpha ipukutidwe ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kunka kumphepete, osati mozungulira.

Pamene mwini ayenera kulekera

Magetsi a m'nyumba m'Malawi ali ndi ma volts 230, ndipo angathe kupha munthu. M'kati mwa wailesi muli zipangizo zosunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Tsono munthu wosaphunzira ntchitoyi asamasule chivundikiro chake. Fyuzi watsopano akapsanso, kapena pakamveka fungo la kupsa, pulagi izulidwe ndipo wailesi ipite kwa mmisiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wailesi isungidwe pouma, patali ndi utsi wa kukhitchini ndi zakudya zoitana mphemvu. Ivundikiridwe ndi nsalu pokhapokha itazimitsidwa, ndipo nthawi ya ziphaliwali pulagi ndi eriyo wa panja zizulidwe mvula isanafike. Aphunzitsi apemphedwa kufotokozera malangizowa makolo amene sadziwa kuwerenga.