Makapisozi a maso andisokoneza m'mimba

Aphungu,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimalima nandolo kufupi ndi Migowi. Maso anga amafiira, amaotcha ngati mwalowa mchenga, ndipo m'mawa zikope zimamatana ndi manthongo. Adokotala anati ndi ocular rosacea, nandipatsa doxycycline. Maso ayamba kupepuka, koma m'mimba mukutsegula ndipo kunjira ya amayi kukuyabwa. Ndisiye, kapena ndizingogula ena pamsika?
Mayi wodandaula, Phalombe

Mayi,
Zonse ziwirizo ayi. Bwererani kuchipatala sabata inoyi.

M'mphepete mwa zikope muli timabowo totulutsa mafuta amene amateteza misozi kuti isaume msanga. Rosacea imatupitsa zikope, mafutawo nkulimba, timabowoto nkutseka. Pakhungu lakuda kufiira kwa nkhope komwe rosacea imabweretsa sikuonekera bwino, choncho ambiri amatha zaka akungoti ndi fumbi. Ntchito ya doxycycline pano ndi kuchepetsa kutupako, ndipo kawirikawiri amamwa kwa masabata 6 mpaka 12, kenako dokotala nkuonanso.

Vuto ndi lakuti mankhwalawa sasankha. M'matumbo ndi kunjira ya amayi mumakhala tizilombo tothandiza, timene timagaya chakudya ndi kuletsa toipa kuswana. Tikachepa, m'mimba mumatsegula ndipo kuyabwa kumayamba. Kwa ambiri timabwerera mankhwala akatha, koma kumwa miyezi yambirimbiri popanda wokuyang'anirani kumasiya tizilombo tosamva mankhwala. Tsiku lina mungadzadwale matenda ena, makapisozi omwewo osagwiranso ntchito.

Kuchipatala cha boma kapena ku Holy Family, fotokozani zonse, ngakhale za kuyabwazo, chifukwa zili ndi mankhwala ake. Funsani tsiku lomaliza kumwa. Funsaninso ngati mlingo ungachepe, pakuti 40 kapena 50 mg patsiku imathandiza odwala ena popanda kuvutitsa m'mimba kwambiri. Mukatsegula kwambiri kapena mukaona magazi m'chimbudzi, pitani tsiku lomwelo.

Imwani kapisozi ndi kapu yodzaza madzi, ndipo musagone nthawi yomweyo. Chambiko, mkaka ndi mapiritsi oonjezera magazi muzitalikitse ndi kapisoziyo kwa maola awiri kapena atatu. Idyani nandolo wanuyo, nyemba ndi masamba, chifukwa ndizo chakudya cha tizilombo tabwinoto. Kumunda valani chipewa, popeza mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati, nenani musanamwenso.

Rosacea imapita nkubweranso, ndiye chithandizo chokhalitsa chili m'manja mwanu. Kawiri patsiku ikani kansalu koyera kofunda pamaso otseka kwa mphindi 5 mpaka 10, tikitani zikope pang'onopang'ono, kenako pukutani m'mphepete. Pewani utsi wa kukhitchini, mafuta oyeretsa khungu ndi mankhwala odontheza m'maso ongogula, pakuti ena ali ndi steroid yomwe ingaononge diso.

Diso likayamba kupweteka, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, pemphani kalata yopitira ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, osadikira tsiku lokaonananso ndi dokotala.