Kasankhidwe ka Zida za Magetsi Zochotsera Dzimbiri ndi Penti pa Galimoto

Aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri la Zomba, makamaka ife a ku Chikanda, kumene misewu isanduka matope kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndi kumene nkhungu ya chiperoni inyowetsa zitsulo ngakhale m'nyengo yachisanu, adziwa kuti Malembo sanalakwe potchula dzimbiri pamodzi ndi njenjete monga adani a chuma cha munthu. Popeza magalimoto ambiri tiwagula atayenda kale ku Japan, ndipo ena afika atayamba kudyeka kunsi, n'koyenera kuti mwini galimoto adziwe kusankha chida, osati poona ukali wake, koma polingalira kuya kwa dzimbiri ndi kupyapyala kwa chitsulo.

Choyamba, musanataye ndalama, pimani nthendayo. Tsukani matope onse, ndipo mugogode ndi nsonga yachitsulo m'madigadi, kunsi kwa zitseko, pansi pa kapeti ndi m'buti. Dzimbiri likakhala lapamwamba, sandipepa akwanira. Likakhala litakumba timaenje, pafunika galainda. Koma nsongayo ikaboola, palibe chida chopalira chimene chingathandize, pakuti malowo afunika kudulidwa ndi kuwotcherera chitsulo chatsopano.

Chachiwiri, pogula galainda, sankhani yaing'ono ya mamilimita 115, imene izungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, ndipo ngati thumba lilola, mutenge yokhala ndi pochepetsera liwiro. Yaikulu ya mamilimita 230 muwasiyire opanga mageti ndi mafelemu a mawindo, chifukwa chitsulo cha chitseko cha galimoto kawirikawiri sichikwana milimita imodzi, kotero kuti chida cholemera, chikakhalitsa pamalo amodzi, chichitenthetsa mpaka kupindika, ndipo wowongola magalimoto adzakulipiritsani zochuluka kuposa mtengo wa chidacho.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri aphunthwa, samalani ndi disiki imene mumanga ku galaindayo. Disiki yamwala ndi yosalazira powotcherera basi. Isakhudze thupi la galimoto. Ya timapepala tosanjikizana, ya nambala 60 kapena 80, iyenera pa chasisi ndi pa zitsulo zina zochindikala. Burashi yawaya igwetsa dzimbiri lofundukuka, koma ili ndi chinyengo chake, pakuti nthawi zina ingowalitsa pamwamba, dzimbiri lili chikhalire m'timaenje. Yoposa zonse pochotsa penti ndi disiki ya nayiloni, yakuda kapena yapepo, yooneka ngati siponji youma, imene isenda penti ndi fila wakale popanda kudya chitsulo kwambiri.

Chachinayi, pa malo otambasuka monga boneti ndi denga, gwiritsani makina a sandipepa ozungulira monjenjemera, a mamilimita 125 kapena 150, kuyambira pa nambala 80, kenaka 180, ndi kutsiriza pa 320 mutapaka pulaima. Ndipo m'makona mmene makinawo sangalowe, kaburashi kawaya komangidwa ku dirilo kachita bwino. Musadumphe nambala pofuna kufulumira, pakuti mikwingwirima ya pepala lokhakhala idzaonekera m'penti watsopano. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zida zoyendera mpweya n'zabwino, koma kakompulesa kopopera matayala sikangaziyendetse.

Chachisanu, werengani cholembedwa pa chidacho. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, motero chida chochokera ku America, chopangidwira mavoti 120, chidzapsa nthawi yomweyo. Cha ku South Africa chigwira ntchito, kungosintha pulagi. Poti magetsi azimazima, ena akonda zida za batire ya mavoti 18, koma galainda imaliza batire msanga, ndipo popanda yachiwiri ntchito iima. Popeza maina monga Bosch ndi Makita alembedwanso pa zida zachinyengo, funsani risiti, muyese chidacho m'sitolo momwemo, ndi kufunsa ngati makaboni ake apezeka mu Zomba muno kapena ku Limbe, pakuti safunsa anadya phula. Onaninso kuti liwiro lolembedwa pa disiki lisachepere la galainda, kuopa kuti ingaphulike.

Chachisanu ndi chimodzi, tchinjirizani moyo. Valani magalasi ndi chophimba mphuno, pakuti waya aduka nauluka, ndipo penti wa magalimoto akale akhoza kukhala ndi mtovu. Musachotse chishango cha galainda. Masulani batire ya galimoto, phimbani mawindo, ndipo moto wothetheka usaloze ku thanki ya mafuta. Nyumba za ku Chikanda n'zoyandikana, choncho ana ndi zovala zoyanika zikhale kutali.

Potsiriza, chitsulo chopalidwa chisagone maliseche, pakuti chinyezi cha kuno chichibwezera dzimbiri usiku umodzi. Thirani m'timaenje mankhwala osandutsa dzimbiri, mupake pulaima tsiku lomwelo, ndipo musalole mmisiri aliyense kumata fila pamwamba pa dzimbiri, kuopa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Abale anga, ntchitoyi muichite pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, mvula isanayambe.