Mabishopu osiyana mtundu: mugonje kapena mulepherana?

Bolodi ya chesi ili ndi mabokosi 64, oyera 32 ndi akuda 32, ndipo bishopu sasintha mtundu wa bokosi mpaka masewero kutha. Ndiye mukatsala ndi bishopu woyenda m'mabokosi akuda, mnzanu ali ndi wa m'mabokosi oyera, musathamangire kugonja chifukwa choti wakuposani ndi pawn imodzi.

Ine ndimayamba ndi funso ili: kodi mfumu yanga ingaime kutsogolo kwa pawn yake, pa bokosi limene bishopu wake sangafikepo? Tiyerekeze kuti pawn yake ili pa d5, mfumu yanu pa d6. Bokosi la d6 ndi lakuda. Adzaichotsa ndi chiyani pamenepo? Inu muzingoyendetsa bishopu wanu uku ndi uku, basi, mwalepherana.

Ma pawn akakhala awiri, werengani mizere imene ili pakati pawo. Ukakhala umodzi, kawirikawiri mumalepheranabe. Ikafika itatu, eee, zavuta: mfumu yanu ikamatseka imodzi, bishopu amatsala yekha ndi inayo, mfumu ya mnzanuyo n'kupita kukamuthamangitsa.